Mgolo wa Nsomba Zabuluu

"Masiku anayi," anatero anjomba, akumanga mfundo yomaliza pachingwe.

"Awiri akwana, anjomba. Lero Lachinayi. Mawa tikweza theka, Loweruka m'mawa tiuvuula."

"Ukundiwerengera masiku ine? Anayi, Swadick. Mikwamba itatu pa tsiku. Nsomba zakozo udzazigwira Lolemba."

"Koma alendo akufika Loweruka."

"Ndi alendo ako amenewo, mphwanga. Nsomba sizinaitane munthu."

Tinali m'bwato pamwamba pa chirundu, mulu wa miyala ya pansi pa madzi umene uli chapatali ndi gombe la kwathu ku Nkope. Anjombawo ndi a Sulemani, alongo awo a mayi anga, amene anandilera kuyambira ndili Sitandade 3. Pansi pathu, mikwamba khumi ndi iwiri kutsika, pankalendewera mgolo wapulasitiki wobooledwa m'mbali monse, kukamwa kwake kutamangidwa chidutswa cha ukonde. Chingwe chake tinachimangirira ku chigubu chachikasu choyandama. M'mgolomo munali nsomba zisanu ndi zinayi zabuluu. Amene anatsika kukazigwira ndi a Blackson, mnzawo wakale wa anjomba, amene mpaka lero amamira ndi makina ampweya. Iwowo anali atagona chagada kutsogolo kwa bwato, chipewa kumaso, ngati mkanganowo uli m'chilankhulo chimene samva.

Anjomba anandifotokozeranso, kachitatu tsiku lomwelo. Anati nsomba ya pansi kwambiri ili ndi kathumba ka mpweya m'mimba mwake. Ukaikweza msanga, kathumbako kamafufuma mpaka kuiwononga m'kati. Msodzi alibe nazo ntchito zimenezo, chifukwa iye nsomba amaifuna yakufa kale. Koma wofuna yamoyo amakweza mgolo pang'ono, n'kuumangirira pa mfundo, n'kupita kwawo, mawa abwerenso. Ntchito imeneyi anaigwira zaka khumi ndi zisanu kwa mzungu wina amene ankatumiza nsomba zokongola kunja pa ndege, asanatseke zonse n'kubwerera kwawo.

Ndinamva, inde. Koma ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo Bayoloje ndinkaimenya kuposa aliyense m'kalasi mwathu. M'buku lonse lija munalibe tsamba lonena za masiku anayi. Ndinadziuza kuti akuluakulu amakonda kuchedwetsa zinthu kuti ntchito yawo izioneka yovuta.

A Blackson, osachotsa chipewa kumaso, anati iwo anamirapo ndi anyamata ambiri, ndipo mnyamata akayamba kukangana ndi chingwe ndiye kuti kwinakwake kuli mtsikana. Anjomba sanaseke. Anangondipatsa nkhafi n'kundiuza kuti ndipalase.

Nkhani yonseyi inayamba ndi mathanki. Mzungu uja pochoka anawasiyira anjomba mathanki asanu agalasi, ndipo kwa zaka zambiri anangokhala kuseri kwa nyumba. Mu ina a Shamima, akazi awo a anjomba, ankasungamo gaga. Mu ina nkhuku inkaikiramo mazira. Mayeso atatha anzanga anabalalika, ena ku Joni, ena m'maboti a makoka a chilimira, ena pa kabaza. Ine ndinkangokhala pakhonde, kudikira zotsatira ndi kulota. Tsiku lina ndinaona dzuwa likudutsa m'galasi la thanki ya gaga ija, ndipo zonse zinandibwerera nthawi imodzi: chisakasa m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, mathanki asanu pamzere, mabanja akutsika m'magalimoto, ana akupanikiza mphuno pagalasi. Ana a m'dziko muno amadziwa nsomba ya pathandala ndi ya m'poto. Yamoyo, ikusambira moyang'anizana ndi maso awo, anaionapo angati?

Masabata atatu ndinatsuka magalasi, ndinamata ming'alu, ndinamanga chisakasa cha udzu. Anjomba ankati ndi zamasewera, koma ndi iwo amene anakatenga chikalata kwa a zausodzi, ndi iwonso amene anafukula kapampu ka mpweya m'bokosi lawo lakale n'kukalumikiza ku sola. Chikwangwani ndinalemba ndekha ndi penti yotsala ya bwato: NYUMBA YA NSOMBA ZAMOYO. BWERANI NDI ANA. Mathanki anayi tinadzazamo mbuna, tinsomba ta m'miyala ya m'mphepete timene ngakhale mwana angagwire: tachikasu, tamizeremizere, tina tofiirira ngati papaya wakupsa. Thanki yachisanu, yaikulu, ya pakati, ndinaiyala mchenga ndi miyala n'kuisiya. Imeneyo inali ya nsomba zabuluu, ndipo nsomba zabuluuzo zinali za Rahma.

Rahma ndinaphunzira naye zaka zinayi. Kwawo ndi ku Namwera, kumtunda uko, koma ankakhala kwa achibale kuno kuti aziyendera sukulu pafupi. Zaka zinayi ndinamubwereka rula, ndinamusungira malo pa benchi la kutsogolo, ndinamulembera makalata asanu ndi limodzi amene mpaka lero ali m'kati mwa atlasi yanga. Pakamwa, ayi. Ndikati ndiyambe, ankandiyang'ana m'maso osaphethira, ine n'kupezeka ndikufunsa za homuweki. Mayeso atatha anakwera kwawo, kenaka ndinamva kuti kumapeto kwa Ogasiti akupita ku Lichinga, kukathandiza azakhali ake mu shopu ya nsalu. Chaka chimodzi, mwina ziwiri. Atsikana amene ndikuwadziwa kuti anapita kumeneko onse anabwerako ndi mwana kumbuyo ndi mwamuna wolankhula Chipwitikizi.

Ndiye ndinamulembera pa foni kuti ndili ndi nsomba imene sanaionepo chibadwire, yabuluu wosapezeka pa nsalu iliyonse ya ku Lichinga. Nsombayo inali idakali m'nyanja pamene ndinkalemba, koma zimenezo ndinaziona ngati nkhani yaing'ono. Anayankha patapita masiku awiri: abwera Loweruka lachitatu la mweziwo, pamodzi ndi achemwali ake a Abiba, alamu ake a Yasini, ndi ana, poti anawo nyanja sanaionepo. Pulani yanga inali yosavuta. Rahma adzaima patsogolo pa thanki yaikuluyo, buluu uja adzamuwalira kumaso, ndipo adzadziwa yekha. Mtsikana amene wamutsikira mikwamba khumi ndi iwiri safunikanso kuuzidwa ndi pakamwa. Zoti wotsikayo adzakhala a Blackson sindinaone chifukwa chozitchulira.

Chimene sindinachiike mu pulaniyo ndi mwera. Unawomba masiku khumi ndi limodzi osapuma, a Blackson n'kukana kulowa m'madzi, mpaka Lachinayi lija.

Lachisanu m'mawa tinapita awiri, tinakweza mikwamba itatu, anjomba anamanga pa mfundo, tinabwerako kukakonzekera mapemphero a Juma kumzikiti. Sindinakanganenso nawo, ndipo iwo anaganiza kuti ndamva. Masana ndinakakhala m'chisakasa ndekha. Ndinasendeza udzu wa padenga pang'ono kuti kuwala kwa 11 koloko kudzagwere m'thanki yaikulu. Ndinaima pamene adzaime Rahma, kenaka pamene ndidzaime ine, chammbali, manja m'thumba, ngati munthu amene zinthu zotere amachita tsiku ndi tsiku. Chilichonse chinali m'malo mwake kupatula nsomba.

Loweruka, titaswali Fajiri, pemphero la m'bandakucha, anjomba anatsala kumzikiti ndi akuluakulu anzawo kukambirana za denga lodontha. Kutangoyera ndinatenga nkhafi n'kutsikira kugombe. Musaganize kuti ndinapita ngati chitsiru. Ndinali ndi njira yanga. Ndinaona kuti chimene chimapha nsomba ndi kukoka mwankhanza, monga amakokera asodzi. Ine ndikoka ngati munthu wophunzira: mkwamba umodzi, n'kuima, n'kuwerenga mpaka handiredi mosathamanga, kenaka mkwamba wina. Masiku atatu otsalawo ndinawapinda bwinobwino n'kuwalowetsa mu theka la ola.

Nyanja inali bata, ndipo ndinatenga zimenezo ngati chizindikiro choti ikugwirizana nane. Ndinamasula chingwe pa chigubu n'kuyamba. Mkwamba woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndinawerenga mokhulupirika. Pa wachisanu ndinayamba kuuona mgolo ngati mthunzi pansipo. Pa wachisanu ndi chiwiri ndinkalekezera pa fote. Iwiri yomalizayo ndinangokoka. Mgolo utagunda m'mbali mwa bwato ndinamasula ukonde, ndipo ndinaziona.

A Blackson sananame pamene ankandisimbira za nsombazi. Buluu wake sindingamufanizire ndi kumwamba kapena ndi penti. Anali ngati wayakira m'kati mwa nsombayo. Mizere yakuda inkatsika m'mbali, ndipo chipsepse cha pamsana chinali ndi mkombero woyera ngati wina wachisokerera ndi ulusi. Kwa kanthawi kochepa ndinali munthu wolondola kuposa aliyense pa nyanja yonse.

Kenaka imodzi inapendekeka. Inayesa kutsika, mchira ukumenya, koma madzi ankaibweza pamwamba ngati mpira. Ina inatembenuka chagada, mimba itafufuma, maso atatong'oka. Ina inatulutsa kanthu kofiira kukamwa. Ndinayamba kuzikankhira pansi ndi dzanja, imodzi imodzi, zonse n'kumabwerera. Ndinalankhula nazo, sindikukumbuka kuti ndinkati chiyani.

Injini ya boti ndinaimva ili pafupi kale. Anali anjomba ndi a Blackson. Ataona kuti bwato palibe pagombe sanafunse munthu. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo bwenzi zitandipepukira akanatero. Anjomba anangosuzumira m'mgolo, anatola zitatu zimene zinali zitasiya kupuma n'kuziponya m'bwato mwanga, anamanganso ukonde, anawonjezera mwala kuti mgolo ulemere.

"Bweza. Mpaka pa mfundo ya dzulo. Msanga, changu chakocho chikufunika tsopano."

Ndinatsitsa chingwe chikundiwotcha m'manja. A Blackson anavala galasi lakumaso n'kutsetserekera m'madzi kutsatira mgolo. Atavuuka anati zinayi zayamba kuima bwino, ziwiri sakudziwa. Anjomba anati tiyambiranso: mgolo upume masiku awiri pamenepo, kenaka atatu okweza. Lachinayi, Mulungu akalola.

Pobwerera ndinkapalasa ndikuyang'ana zitatu zija pansi pa bwato. Tisanafike kugombe buluu yense anali atathawa. Zinangotsala nsomba zotuwa, zonga zimene amayi amaunjika timilu pamsika. A Shamima atazilandira anazitembenuza ndi chala, n'kufunsa ngati ndi zimenezi zatisowetsa mtendere pakhomo mwezi wonse.

"Alendo ako uwauza chiyani?" anafunsa anjomba akusamba m'manja.

Ndinati ndiona.

"Uone msanga. Ndipo ukasinthe malaya."

Ndinaganiza zosamutsira tachikasu m'thanki yaikulu, koma Rahma si munthu woti ungamuonetse chikasu n'kumuuza kuti ndi buluu. Ndinabwereka chitenje cha a Shamima n'kuphimba thankiyo. Munthu akafunsa ndidzati ikukonzedwa.

Anafika 11 koloko itadutsa pang'ono. Anali atakwera minibasi ziwiri, ina kutsika mapiri kuchokera ku Namwera mpaka ku boma, ina kuchokera ku boma kufika kuno. Oyamba kutsika anali a Yasini, mlimi wa fodya wamtali, atavala mkanjo umene unali woyera ponyamuka. Kenaka a Abiba, khanda kumbuyo, thumba la nthochi m'manja. Kenaka Zena wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wake Sameer wa zaka zisanu, amene anali atasanza m'makona onse a m'phiri ndipo ankayenda ngati nkhalamba. Rahma anatsika pomaliza, mpango wofiira kumutu. Akuluakuluwo ndinawapatsa salamu mwaulemu wonse, ndinawafunsa za kumtunda ndi za fodya. Kwa Rahma ndinali nditakonza mawu kuyambira Lolemba. Amene anatuluka ndi akuti, "Wafika."

"Ukuona bwanji?" anatero.

Zena anaima pakhomo la chisakasa n'kununkhiza. Anatembenukira kwa mayi ake n'kunena motsimikiza kuti muno mulibe nsomba, chifukwa simukununkha. Kenaka anaona thanki yoyamba, n'kuthamangira pagalasi. Sameer anabisala kuseri kwa mkanjo wa bambo ake, diso limodzi panja. Nsomba imene ankaidziwa iye ndi youma, yopindika, ya m'dengu la munthu wa panjinga. Izi zinali zonenepa, zinkatembenuka pamene zafunira, ndipo imodzi inabwera mpaka pagalasi n'kuima moyang'anizana naye. Anandifunsa ngati ikumuona. Ndinati inde. Anaganiza kaye, kenaka anafunsa ngati ikudziwa kuti iye anadya mnzake dzulo.

A Yasini anayendera mathanki onse anayi manja kumbuyo, ngati akuyang'ana fodya wa mnzawo, n'kufunsa kuti yokoma kwambiri ndi iti. Nditawauza kuti izi sizodya, anandiyang'ana mondimvera chisoni n'kufunsa kuti nanga ndimazidyetseranji.

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeratu, mayina a m'buku ndi kuya kwa nyanja, koma anawo sanandimvere ngakhale chiganizo chimodzi. Anjomba, amene masabata onsewa ankati ndi zamasewera, anagwada pakati pawo n'kuyamba kuwalankhula m'Chiyao, motsitsa mawu. Anawaonetsa kansomba kachikasu kamene kanabisala kuseri kwa mwala, kukhosi kwake kutatupa. Anati aliyense asagwedezeke. Tinaima choncho mpaka khanda la a Abiba linayamba kudandaula. Kenaka kansombako kanatsegula kukamwa, ndipo munatuluka tiana tating'ono ngati mpunga, khumi kapena kuposa, n'kuyamba kuyendayenda pamwamba pa mchenga. Anjomba anagogoda galasi ndi chikhadabo kamodzi kokha, tonse n'kuthamangiranso m'kamwa mwa make.

Zena anagwira dzanja la anjomba, misozi ili m'maso, kuti akudya ana ake, amuletse. Anjomba anamufotokozera kuti ndi mmene amawasungira, ndipo masabata atatu mayiyo sadya kanthu poopa kumeza mwana. A Abiba anati akanakhala ndi kamwa lotero bwenzi atawaikamo awiriwa ku Namwera n'kudzawalavula pano. A Yasini anati kamwa ali nalo kale, kungoti amalitangwanitsa ndi zina. Rahma anaseka, dzanja pakamwa, ndipo ndinayamba kuganiza kuti tsikuli lipulumuka. Chisakasa changa chinkagwira ntchito ndendende monga ndinachilotera. Mphuno ziwiri zinali pagalasi. Galimoto ina inaima pamsewu, mayi wina n'kuwerenga chikwangwani mokweza kwa ana ake, n'kufunsa ngati timatsegula Lamulungu.

Koma Sameer mantha anali atamuthera. Anaona chitenje, anaganiza kuti yaikulu kwambiri ili m'menemo, anagwira ngodya n'kukoka.

Thanki inaonekera yonse: mchenga woyera, miyala yosanjidwa bwino, thovu likukwera pakona, ndi kuwala kuja kumene ndinakutsegulira padenga kukugwera pakati penipeni. Sameer anafunafuna kuseri kwa mwala uliwonse, kenaka anafunsa kuti ya muno yapita kuti. Anjomba anaimirira, anasasa mchenga m'mawondo, n'kunena kuti amene akufuna kuponda nyanja ndi phazi lake awatsate. Ana anathamanga, a Yasini pambuyo atakweza mkanjo. A Abiba anati miyendo yawakana. Anakhala pa benchi la pakhomo, atatipatsa msana, n'kuyamba kuyamwitsa khanda.

Rahma anazungulira n'kukaima mbali ina ya thanki, ine mbali ino.

"Ili kuti yabuluu ija?"

Bodza linali lokonzeka palilime: zabisala m'miyala, ndi zamanyazi, zimatuluka anthu akachepa. Koma anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira m'kalasi, ndipo ndinamuuza zonse. Za mwera, za mgolo, za mfundo za pachingwe, za kuwerenga mpaka handiredi. Ndinamuuzanso kuti chakumapeto ndinkalekezera pa fote. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye zitatu zafa."

"Zitatu."

"Amalume ako anakuuza kuti udikire."

"Anandiuza."

"Nanga unathamangiranji?"

"Ndimafuna uzione iweyo. Lero."

"Ayi, Swadick. Usandisenzetse nsomba zakufa. Ine sindinakutume."

Ndinati si zimene ndikutanthauza. Ndinayamba kumufotokozera buluu uja, mmene amayakira m'kati, mkombero woyera wa pamsana, ndipo ndikulankhula ndinkamva mtima ukubwerera m'malo, chifukwa kufotokoza zinthu zokongola ndimakutha. Ndinati zisanu ndi imodzi zidakalipo, mwina zonse zichira, akabweranso Lachinayi adzaona yekha kuti sindinaname.

"Lachinayi sindibwera. Ukuganiza kuti kunyumba andilola kawiri?" Anayang'ana kwa achemwali ake n'kutsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Ana awa sanapemphe nyanja. Ndine ndinawauza achemwali kuti ana akufuna nyanja. Sabata yathunthu ndakhala ndikuwanyengerera alamu kuti asiye za kumunda tsiku limodzi."

Thovu linkangokwera pakati pathu.

Anati 2 koloko akwera, kuti akafike ku boma minibasi za kumtunda zisanathe, ndipo ku Lichinga anyamuka pa 30, zikwama anayamba kale kulongedza. Ananena zimenezi ngati akuwerenga chidziwitso cha pa bolodi. Kenaka anatsamira m'mphepete mwa thanki ndi manja onse awiri.

"Ndakhala m'minibasi ziwiri. Sameer wandisanzira pa siketi. Ngati unandiitanira nsomba, nsomba palibe, ndipita ndikaponde nyanja ndi anawo, ndipo sindidandaula, chisakasa chako ndi chabwino. Ngati pali china, ndili pano."

Ndinati pali makalata. Asanu ndi limodzi, m'kati mwa atlasi, ndikhoza kuthamanga kukawatenga, kunyumba si kutali.

"Sindinabwere kudzawerenga."

Pakhomo paja a Abiba anatsokomola, osacheuka. Anauza khanda lawo mokweza kuti lagona msanga, lachita bwino, chifukwa mayi ake sakhala pa benchi lolimbali mpaka mawa kudikira anthu ophunzira.

Ndinatulutsa manja m'thumba n'kugwira m'mphepete mwa thanki monga anagwirira iye. Kugombe ndinkamva Zena akuitana mlongo wake, ndi mawu a anjomba akuwaletsa kupitirira m'mawondo.

"Ndikufuna anjomba akwere ku Namwera sabata ino, akaonane ndi amalume ako usanawoloke malire," ndinatero. "Ntchito ndilibe. Ndili ndi mathanki asanu ndi chisakasa, ndipo sindikunena za mawa kapena za chaka chino. Koma upite ku Lichinga kwanu akudziwa, iwenso ukudziwa, kuti kuno kuli munthu amene akukufuna. Ndine, Rahma. Ndi zimene ndinakuitanira."